Pampu Imene Alamu Anabwereka

Alamu anga si msilikali, ngakhale agwira ntchito pakampu ya asilikali zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndi makaniko wamba wa ovolosi, mfuti sanaigwirepo. Anzawo amawatcha a Choko, chifukwa kuseri kwa khutu lawo sikusowa kachidutswa ka choko. Akachotsa chitsulo pa injini ina kuti akaike pa inzake, amalemba pomwe achotsapo kuti "Ndabwereka," n'kuikapo ndi tsiku. Amati wochotsa osalemba ndi mbala. Achemwali anga, omwe anali akazi awo, ankawaseka kuti tsiku lina adzalemba pamphika akatapamo nyama.

Achemwaliwo anali telala. Anali ndi kachipinda ka makina awiri kumunsi kwa tauni, mumzere wa mashopu a denga limodzi, kufupi ndi mtsinje. Ndiwo anandilera, ndiye musayembekezere kuti nkhaniyi ndiifotokoza mofatsa.

Chaka chimenecho boma linalonjeza kutumiza asilikali kukasungitsa mtendere kudziko lakutali. Zimenezo sinditsutsa, kumenekonso kuli anthu. Koma lamulo linali loti chida chilichonse chopita chikhale changwiro, ndipo oyendera anali kubwera ndi mapepala awo. Pakampupo panali maboti khumi ndi awiri, okalamba onse. Anasankhapo asanu ndi atatu. Zitsulo zatsopano akuti anaitanitsa, zili m'njira. Kaputeni anangoima pakhomo la shedi n'kuti, "Madala, onani chochita. Pofika Lachisanu onsewa alire."

Alamu anaonadi chochita. Anayi otsalawo anawasosola ngati nkhuku: pano mapulagi, apo waya, ndipo pa injini zonse zinayi anachotsa pampu yamafuta. Maboti osankhidwawo anawapaka penti yoyera n'kupita, pamodzi ndi helikopita ziwiri zomwe zinkauluka, ndi asilikali onse odziwa kuyendetsa boti pamadzi olusa. Tsiku limenelo alamu anafika kunyumba akuyenda mwamatama.

"Palibe ndi limodzi lomwe limene oyendera alikana," anatero.

"Nanga kuno kukagwa zina, bambo?" anafunsa achemwali.

"Zitsulo zili m'njira, mayi."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," achemwali anayankha, n'kupitiriza kusoka.

Miyezi isanu ndi inayi inatha, zitsulo zili m'njira. Sindidziwa kuti ndi njira yanji imeneyo, koma amene anailambula Mulungu amuone.

Kenako mvula inagwa masiku anayi osakata. Lachitatu m'mawa achemwali anatsikira kushopu kukakweza makina pamatebulo, ndipo mtsinje unawapeza komweko. Cha m'ma naini anandiimbira ali padenga. Ndinathamangira kukampu osavala ndi nsapato zomwe, ndipo mlonda wapageti, poona nkhope yanga, sanafunse kanthu.

M'shedimo ndinapeza alamu ataima pakati pa injini zinayi zotsegula. Iliyonse inali ndi choko chawo, cholembedwa mwaluso: Ndabwereka. Ndabwereka. Panja asilikali achinyamata anali kukwera lole atanyamula mafosholo ndi zingwe, ngati madzi amafosholedwa. Kaputeni anali pafoni kuuza wina kuti, "Inde bwana, tikusonkhanitsa zida."

Achemwali anaimbanso, ine n'kuika foniyo pakhutu la alamu chifukwa manja awo anali m'injini.

"Tilipo khumi ndi anayi pano, bambo. Madzi apitirira mawindo. Ena akufuna kudumphira pamtengo wa kuseriku."

"Inu musasunthe, mayi. Ndikubwera ndi boti."

"Boti lake liti?"

Alamu anatola zitsulo za injini zinayi kupanga imodzi, koma pampu panalibe. Anayesa ya jenereta, sinalowe. Anayesa ya lole yakufa, inathira mafuta ngati mpopi. Ine mtima unandipsa, ndipo ndinawalalatira pamaso pa anthu: "Alamu, kulemba munalemba bwino. Nanga chokocho chiyandama?" Anangoweramitsa mutu n'kumanga nati ya pa injini. Mawu amenewo sindinapepese mpaka lero, ndipo sindidziwa ngati ndidzapepesa.

Masana anamangirira chigubu cha petulo pandodo kuti mafuta azitsika okha ndi paipi. Injiniyo inalira. Anakweza boti palole, kukalitsitsa pomwe msewu unamirira, iwo ndi asilikali awiri amene sanayendetsepo boti. Ndinawaona kuchokera pamtunda. Atafika pamadzi othamanga boti linapendama, mafuta anaduka, injini inazima. Madzi anawakankhira pampanda wa sukulu. Anabwerera akukoka boti ndi chingwe, anayesanso, inazimanso. Cha m'ma fili khoma la mashopu linagonja, denga n'kutsetsereka. Atatu amene anadumphira pamtengo aja ali moyo. Achemwali tinawapeza tsiku lachitatu, tepi yoyezera ikadali m'khosi.

Pawailesi akuluakulu anati asilikali anachita zonse zotheka ndi zida zimene zinalipo. Bodza sananame, n'chifukwa chake mawuwo amandinyansa. Kusanabwere alendo odzafufuza, kaputeni anauza alamu kuti afufute chokocho, m'shedi muoneke mwaukhondo.

"Ndifufuta ndikabweza, bwana," anatero alamu.

Kaputeni anawaopseza kuti awachotsa ntchito, koma panalibe makaniko wina wozidziwa injini zokalambazo. Anangophimba injinizo ndi lona, alendo n'kudutsa.

Chaka chotsatira maboti oyera aja anabwera. Kunali bandi, kunali mamendulo, ndipo akazi a asilikali analira ndi chimwemwe. Sindiwada, amuna awo anatumidwa. Patapita sabata alamu anatuma uthenga: "Mlamu, bwerani kushedi." Ndinapita ndili ndi mawu ena okonzeka pakamwa.

Ndinawapeza ataonda, ovolosi ikulendewera. Anachotsa lona pa injini ija ya chigubu. M'manja anali ndi kachitsulo kosakwana ndi chibakera changa, kodontheredwa penti yoyera.

"Ndi kameneka," anatero.

Anakaika pamalo pake, kumanga mabawuti awiri, kulumikiza paipi, kumiza mchira wa injini mumgolo wamadzi. Anakoka chingwe kamodzi kokha. Injiniyo inalira bwinobwino, osatsokomola, madzi amumgolo akuthovokera pansi. Anaisiya ilire pang'ono, kenako anazima, n'kupukuta chokocho ndi mkono wa ovolosi.

Ine ndinali nditayang'ana wotchi ya pakhoma pamene ankayamba, sindidziwa chifukwa chake. Ntchito yonseyo inatenga mphindi khumi ndi ziwiri. Achemwali anadikira padenga paja maola asanu ndi limodzi.