Ndege Inawachedwetsa a Esinati

Lachiwiri lapitali, kwathu ku Ndunde, tinaika mlongo wawo wa agogo anga. Mwana wawo yekhayo wa malemuwo, a Esinati, omwe ndi namwino ku Mzuzu, anafika adzukulu atamaliza kale kukwirira manda. Mpaka lero sindikudziwa ngati wolakwa ndine.

Lolemba madzulo kunabwera uthenga wa lamya wakuti bungwe lomwe a Esinati amagwirako ntchito lawapezera malo m'kandege kakang'ono, kochoka ku Mzuzu m'mawa kudzatera pa Chileka. Akuluakulu anali atagwirizana kale kuti mwambo ukhale Lachitatu, poti wa pa basi amagona m'njira. Atamva za ndegeyo, onse anacheukira kwa ine.

Ine pa misonkhano ya banja sindiyankhula. Chimwalirire makolo anga, agogo anandilera ndi lamulo lakuti mwana wamasiye amamvetsera. Koma tsikulo iwo omwewo ndiwo anandikankha.

"Iwe wa sukulu, tauza anthuwa. Pa ndege, Mzuzu ndi Chileka n'kutali?"

"Ayi agogo, mpafupi. Akanyamuka m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu akhala atatera."

"Basitu," anatero mkulu wa adzukulu. "Kutenthaku thupi silingadikire munthu amene ali pakhomo kale. Tiika mawa."

Sindiname, kandegeko kanatera nthawi yake. Koma sikanatere ku Ndunde. A Esinati anayamba asaka galimoto yolowa m'tauni, kenako ya ku Limbe. Ku Limbe minibasi inakana kunyamuka isanadzaze. Atatsika pa msewu waukulu, galimoto ya matola yomwe anakwera inali kuima paliponse kukweza matumba a nandolo. Chigawo chomaliza anayenda pansi, nkhata ya maluwa ili m'manja.

Ife tinadikira mpaka dzuwa litapendeka. Abusa anali ndi maliro ena kutsidya, ndiye tinangoika.

Atafika, a Esinati sanalire msanga. Anaima pa mtumbira nkufunsa agogo kuti, "Azakhali, ndikanabwera pa basi mukanandidikira?"

"Tikanakudikira, mwananga."

"Ndiye ndinafulumiriranji?"

Ine ndinangoyang'ana dothi.

Abale anga owerenga, tandithandizani. Kwathu kuno mtunda sitiyeza ndi mapu. Timafunsa kuti, kodi wafika kapena sanafike? Wa kutali timamudikira, ngakhale chimanga cha pa maliro chithe. Wa pafupi akachedwa timati ndi mphwayi zake. Tsono munthu wa pa ndege tizimuika gulu liti? M'mwambamo ali pafupi kuposa wa ku Namitambo, koma akangoponda pansi amasanduka mlendo woyima m'mbali mwa msewu, wokweza dzanja ngati ife tonse.

Akulu anati kuthamanga si kufika, koma iwo ankanena za miyendo. Za munthu wodutsa zigawo zonse za dziko m'mawa umodzi, nkukanika kudutsa boma limodzi masana onse, sanatisiyire mwambi.

Masiku ano aliyense akulonjeza liwiro. Mwana ali ku Joni akuti musadandaule, ndingouluka. Ife kumudzi tikumva zimenezo nkumafupikitsa masiku odikira, pomwe msewu wathu ukadali womwe uja wa makedzana.

Yankho langa lija linali loona, ndipo nditafunsidwanso lero sindikudziwa kuti ndinganene lina liti. A Esinati anabwerera pa basi Lachisanu osanditsanzika. Inuyo mukanakhala pa mphasa paja, agogo anu akukuyang'anani, mukanati ku Mzuzu n'kutali kapena mpafupi?