Tsiku Limene Ndinadya Memore ya Madamu Mvula

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, Fomu 1, pasukulu yoyendera ya kwathu ku Mkanda, chaka chimene ndinadya kompyuta ya Madamu Mvula. Anthu amati ndizichita manyazi ndikamakamba nkhaniyi. Ndayesa ndithu, manyaziwo sakubwera.

Madamu anali atangochoka ku yunivesite, ndipo ankatiphunzitsa za kompyuta pasukulu yopanda kompyuta. Bungwe lina linali ndi makompyuta oti lipereke kusukulu imodzi yokha m'dera lathu, ndiye linatuma munthu kudzaonerera kalasi yawo. Ahedi anali atanena kale kuti makinawo akapanda kubwera, phunzirolo alichotsa.

Madamu anasankha kuonetsa chimene ankachikonda kwambiri: mmene kenelo, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imagawira memore, malo amene mapulogalamu ena amabwereka pogwira ntchito. Memore yawo inali mtedza. Anaika kabeseni kodzaza patebulo, pambali pake rula. Ife anyamata anayi anatisandutsa mapurosesa, tizida timene timagwira ntchito zonse m'kompyutamo, aliyense ndi kapu yake, ine ndili wachitatu. Ena onse anali mapulogalamu, obwera kudzabwereka njere imodzi n'kudzaibweza.

"Kubeseni kumapita mmodzi yekha, amene wagwira rula," anatero Madamu. "Mukamapita konko pa njere iliyonse, tsiku lithera pamzere. N'chifukwa chake purosesa aliyense ali ndi kapu yake. Wobwereka um'patse za m'kapu, akabweza uponye m'kapu. Zikatha ndiye ukatape khumi nthawi imodzi. Kapu yako palibe amaigwira, palibenso amaisuzumira. Changu chake chagona pamenepo."

Zoti palibe amaisuzumirazo ndinazimva bwino kwambiri.

Sabata yonse tinkayeserera ndi mtedza wofumbwa, wotsala pobzala. Koma tsiku lenilenilo Madamu anabwera ndi wokazinga, wamchere, kuti pomaliza mlendo alaweko, poti kwathu mlendo sabwerera osalawa mtedza. Unali mwezi wa Febuluwale. Kunyumba ndinachoka nditangomwa madzi, ndipo kalasi yonse inkanunkhira ngati pa depoti.

Mtsikana wina, Tadala, atabweza njere yake, dzanja langa linaphonya kapu n'kupeza pakamwa. Palibe anaona. Yachiwiri, yachitatu. Kapu itatha ndinadzuka mwaulemu, n'kugwira rula, n'kutapa khumi monga mwa lamulo. Mlendo uja, bambo a tayi yofiira, anagwedeza mutu moyamikira.

"Mwaona bwana," anatero Madamu akumwetulira, "purosesa wachitatu ndiye watanganidwa zedi lero."

Yamikani, purosesa wachiwiri, anandigunda ndi chigongono. "Iwe Limbani, mfiti iwe, ufuna umalize wekha?"

Basi, nayenso anayamba. Posakhalitsa mapurosesa onse anayi tinali kutafuna chamumtima, rula ikungosinthana manja. Kenako ndinapita kubeseni n'kupeza mchere wokhawokha. Mapulogalamu anaima pamzere, manja ali m'mwamba, opanda chowapatsa. Kompyuta inafa.

"Nanga memore ija yapita kuti, aphunzitsi?" anafunsa mlendo.

Madamu anayang'ana makoko ofiira amene anali pamilomo yanga. Sanakalipe. Anangoti, "Kumeneku timati kudontha kwa memore, bwana. Zobwerekedwa sizibwerera m'malo mwake."

Bambo aja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi, n'kulemba timawu tochepa m'buku lawo. Galimoto yawo itanyamuka, Madamu anakhala pampando atakumbatira kabeseni mpaka belu linalira.

Ahedi anandilamula kukumba dzenje la zinyalala masiku atatu. Ndinakumba ndikuimba mluzu, mimba ikukumbukirabe. Tsiku lachitatu Madamu anaima m'mphepete mwa dzenjelo, ine ndili m'kati, dothi lofiira mpaka m'makutu.

"Mwa onse aja, amene anamvetsa phunziro lija ndi iwe," anatero. "Chikundiwawa n'chimenecho."

Teremu yotsatira Madamu sanabwerenso, ndipo phunzirolo linachotsedwadi. Makompyuta anapita kusukulu ina cha ku Chiosya. Chaka chatha tinapita kumeneko kukasewera mpira, ndiye ndinasuzumira pawindo la sitolo yawo. Anali momwemo m'makatoni, ndowe za mbewa pamwamba, akudikira magetsi.

Panopa Fomu 4 ndinamaliza. Ndimaswera pa boda, kuyang'ana m'maofesi a maejenti okonza mapepala a katundu, anyamata a m'tauni akugogoda makina amene ine sindinawakhudzepo. Ndimadziwa zimene zikuchitika m'kati mwa makinawo, makapu, beseni ndi rula, koma palibe adzandifunse. Ndinazindikira kuti amene anapanga kenelo sanaganizepo za purosesa wanjala, ndipo Madamu, ndi nzeru zawo zonse, anaiwala mwezi umene tinalimo. Iwowo ndimawamvera chisoni, koma kupepesa ayi. Pa zonse zimene sukulu ija inalonjezedwa chaka chimenecho, chimene chinafikadi kwa mwana ndi mtedza umene ndinadyawo.