Makina Atakana Dzina la Amai Genoveva

Amai Genoveva Conceição anabadwira kutsidya kwa mtsinje, ku Zumbo, nakwatiwa ndi msodzi wa ku Kavalamanja. Mwamunayo atamwalira anatsala okha, akudya thukuta lao mwa kuwamba nsomba za anthu ena. Pa Sabata ankasesa m'chalichi wina aliyense asanafike.

M'chilala cha 1992 bungwe lina lothandiza linabweretsa chimanga pa Boma, pamodzi ndi kompyuta yosungiramo maina a olandira. Kalaliki wake, Langford, anakopera dzina lao monga linalili pa khadi la ubatizo la Chipwitikizi, ndi kamchira pansi pa chilembo china ndi kamzere kopindika pamwamba pa chinzake. Koma makinawo anakonzedwa kudziwa zilembo za Chingerezi zokha. Tsiku logawa, pepala litatuluka, pamalo pa zilembo ziwirizo panali timabokosi takuda ndi kamtanda.

Langford sanadziwe chifukwa chake, ndipo anaopa kuoneka mbuli pamaso pa khamu. Anakweza pepalalo m'mwamba.

"Amai, makina awa sanama. Onse awalandira, inu nokha akukanani. Kapena aona chimene mumaulukira?"

Anthu anaseka, ndipo kuseka kwa anjala kulibe chifundo.

"Ndi chilembo cha chilombo!" anakuwa mai wina. "Nchifukwa chake mvula inatithawa!"

"Ba Langford, mwana wanga," anatero Amai Genoveva, "ndine yemwe uja. Nsomba zimene mumadya ndimawamba ndine."

Lamulo linali lakuti dzina losafanana ndi la pa khadi lisalandire kanthu. Amai Genoveva anabwerera ndi thumba lopanda kanthu. Asodzi analeka kuwapatsa nsomba, ena anagumula ng'anjo yao, ndipo mau a paguwa owateteza sanalowe m'makutu mwa anthu. Potsiriza anakwera bwato kubwerera ku Zumbo, kumene nkhondo sinawasiyire mbale ngakhale mmodzi.

Patapita miyezi kunabwera katswiri wa ku Lusaka, Valentino. Anasintha makinawo kuti adziwenso zilembo za zinenero zina, nalembanso dzinalo. Ntchitoyo inatha tiyi wake asanazizire. Dzina linatuluka loyera, pamodzi ndi chiwerengero cha chimanga chonse chimene chinawadutsa.

Pa tsiku logawa lotsatira Langford anaitana dzinalo mofuula, koma panalibe woyankha, pakuti mbiri inali itafika kale kuti Amai Genoveva anamwalira naikidwa kutsidya. Matumba ao anagawidwa kwa amene anali pamzere, ndipo mai wokuwa uja anasenza lake.

Ambuye awapatse mpumulo umene ife tinawamana.