Bambo Anga Sanalembedwe Paliponse

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinaganiza zowaika malemu bambo anga m'buku lalikulu la pa intaneti, lija aliyense amaloledwa kulembamo. Bambo anali goloboyi wa timu ina ya ku Old Town. Anamwalira ndili wamng'ono, ndipo kunyumba kunangotsala juzi yawo yobiriwira, yoperepeseka m'zigongono.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 14 kwa mayi Nyirenda, a ku Rumphi, ogwira ntchito m'boma. Loweruka mayiwa ankandilola kukhala pa kompyuta yawo. Dzina la bambo ndinalilemba m'malembo akuluakulu paliponse, ndi "malemu" patsogolo, poti kulilemba wamba ndinkaona ngati chipongwe. Pansi, pamalo oika magwero a nkhani, ndinalembapo amayi ndi malume Yohane, amene anaona ndi maso bambo akugwira penate ali ndi chala chothyoka.

Yankho linabwera m'Chingerezi, kuchokera kwa munthu wosadziwika. Mayi Nyirenda anavala magalasi n'kundimasulira pang'onopang'ono. Malembo akuluakulu achoke. Mawu oti "katswiri wosayerekezeka" achoke. Mfundo iliyonse ikhale ndi kanambala kolozera nyuzipepala kapena buku, tsiku lake ndi tsamba lake. Achibale si gwero.

"Ndiye akuti malume ndi abodza?" ndinafunsa.

"Ayi, mwana wanga. Akuti wowerenga wakutali sangakwere minibasi kudzawafunsa malume akowo."

"Ndiwapatsa nambala yawo."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Malume akowo foni amayankha?"

Tchuthi chonse ndinkapita ku laibulale ku City Centre kukafunyulula nyuzipepala zakale. Mapepala ankanunkha chinyezi, zala zinkada bii. Ndinapeza zigoli za timu ya bambo, mayina a omwetsa zigoli, ngakhale dzina la mlendo wolemekezeka. Za goloboyi kunalibe. Tsiku lina ndinapeza chithunzi: mpira uli m'malere, m'mphepete mukuoneka dzanja lotambasuka, mwini wake atadulidwa. Ndinachiyang'ana mpaka anatiuza kuti akutseka. Mpaka lero sindidziwa ngati linali dzanja lawo.

Nkhani ija inakhala miyezi osakonzedwa, kenako inafufutidwa. Malume Yohane nawo anatisiya, ndipo amene angafotokoze bwino za masewero a bambo palibenso.

Panopa ndine mtolankhani, ndipo ndikuona kuti munthu wosadziwika uja sanalakwe. Buku lotere limangotola zimene wina analemba kale, ndipo amene ankakhala m'mbali mwa bwalo ndi cholembera masiku amenewo maso awo anali pa omwetsa zigoli. Ndikatumidwa ku mpira wa matimu aang'ono, anzanga amathamangira amene wagoletsa. Ine ndimapita kaye kugolo, n'kumufunsa mnyamata amene waima pamenepo dzina lake lonse, ndi mmene amalilembera.