Chithunzi cha Agogo pa Mgolo wa Thobwa

Kondwani, msuweni wanga, mwana wa malemu malume a Yelemiya, amene amakhala ku Area 49 m'nyumba ya mpanda uja, ndi amene anatenga chithunzi cha agogo anga n'kuwadulamo. Dzina ndatchula dala, wina asaganize kuti ndikunena munthu wina. Anandipeza kwanga ku Kawale ndikuwotcherera geti la kasitomala, akuti ndimubwereke chithunzicho akachilowetse m'kompyuta kuti achibale onse achione pa gulupu ya pafoni. Ndinachichotsa ndekha pakhoma, n'kumupatsa. Chimene chinatuluka pa gulupupo anandionetsa mwana wanga. Muli mkwati, muli mkwatibwi, muli bambo ake a Kondwani mu suti. Agogo mulibe. Ine mulibe. Mgolo mulibe. Pamene panali agogo anaikapo maluwa a m'kompyuta, oti alibe ndi fungo lomwe.

Agogo anga anali ndi fungo. Ndikawakumbukira, chimayamba kubwera ndi chimera chimene ankayanika pa chiguduli kuseri kwa nyumba, kenako utsi wa nkhuni za bulugamu umene unalowerera m'zitenje zawo zonse moti sopo anaulephera, kenako fodya wamphuno amene ankasunga m'kabotolo komangirira kunsonga kwa chitenje. Anali aNangozo, a ku Ntcheu, amayi awo a mayi anga. Mayi anga atamwalira ine ndili wamng'ono, ndi iwo anandilera kuno ku Kawale, m'nyumba ya zidina, malata ake opsinja ndi miyala. Ntchito yawo inali thobwa. Ankaphika kuseri, n'kusenza kukagulitsa pamsika, ndipo ine ndinakula ndikumva mtondo ukugunda chimera, mgolo ukubwata pamafuwa, wailesi ya aneba ikulira mbali inayo ya mpanda wa udzu, iwo akutukwana nkhuku.

Musaganize kuti anali munthu wofatsa. Pakamwa pawo panali poopsa. Munthu akamwa thobwa n'kunena kuti shuga wachepa, ankamulanda kapu n'kumuuza kuti akamwe kwa amake. Ine m'mawa ankandidzutsa ndi mthiko, osati mawu. Kumaso anali ndi mphini zakwawo, ndipo nsapato ankati zimawaluma, ndiye ankaponda pansi chomwecho, zidendene zong'ambika ngati njerwa yosapsa bwino. Koma sindinagonepo ndi njala m'nyumba imeneyo, ndipo mwana wa munthu akandiseka za zipere za m'mutu, ankamutsatira mpaka pakhomo pa amake.

Ndiye panabwera ukwati wa mwana wawo womaliza, amayi anga aang'ono a Esinala. Ankakwatiwa ndi mwana wa aphunzitsi a ku Dedza, banja lovala bwino. Woyendetsa zonse anali malume a Yelemiya, poti anali kalaliki mu ofesi kutauni ndipo ankamanga tayi. Nthawi imeneyo kujambula sikunali masewera ngati lero aliyense angotukula foni. Wojambula ankabwera pa njinga, kamera ili m'khosi, filimu imodzi, ikatha yatha. Ndiye malume anakhala naye pakhonde n'kumuuziratu oti ajambulidwe: akwati kutchalitchi, abusa, makolo a mwamuna, iwo eni ndi akazi awo, ndipo chomaliza asungire podula keke.

Atachoka wojambula, malume anabwera kuseri ndi jumbo. Munali diresi, nsapato zachikopa ndi kachitini ka paudala. Anawauza amayi awo kuti ngati akufuna kulowa m'zithunzi avale zimenezo, ndipo adzole paudala wambiri kuti mphini zisaoneke, chifukwa akuchimuna ndi anthu ophunzira. Agogo anayang'ana m'jumbomo, n'kuikankha ndi phazi. Malume anati basi, ndiye tsikulo akhale kuseri aziona za moto. Anandiloza inenso, akuti mwana wopanda nsapato wa mutu wotero asayerekeze kutulukira kumaso.

Ine ndinadikira kuti agogo atukwane. Sanatukwane. Anamasula kabotolo, n'kufwenkha fodya, n'kuyetsemula, n'kunena kuti chabwino. Munthu wowadziwa akanathawa pomwepo.

Thobwa la ukwati umenewo analiphika ngati alibe mlandu ndi munthu. Mgolo waukulu wobwereka, chimera chosankha, kutakasa mpaka thukuta kudontha m'zigongono, ine maso ofiira ndi utsi ndikusonkhezera. Tsiku la ukwati kutchalitchi sanapite, anali pamoto ndi azimayi ophika. Inali nyengo yotentha ija mvula isanagwe, dzuwa loti malata amalira okha. Masana anthu anabwerako kutchalitchi wapansi, fumbi mpaka m'nsidze, akwaya mawu atasasa, n'kukhala pabwalo pansi pa chisakasa cha masaka. Kwathu mlendo wa paukwati akafika amayamba wamwa thobwa, zakudya ndi zolankhula zimabwera pambuyo. Azimayi anatenga ndowa kuti akatunge.

Anapeza agogo ataika thabwa pamwamba pa mgolo, atakhalapo, mthiko uli pamiyendo, ine atandigwira padzanja zolimba. Anati sipatuluka dontho.

Azimayi anachonderera, iwo osatsika. Kubwalo ana anayamba kulira, amayi ake a mkwati akudzikupiza ndi mpango, anthu akucheukira kuseri. Malume anabwera akuthamanga, tayi ili paphewa, n'kunong'ona kuti anthu asamve.

“Amayi, mukundichititsa manyazi.”

“Manyazi unayamba kale kuchita nawo, Yelemiya. Kaitane wa kamera uja abwere kuno kuutsi.”

Malume anati filimu yatha, chatsala chimodzi chokha, cha keke.

“Ndiye alendo ako amwe keke.”

Mawu amenewo anawalankhula mokweza, ndipo azimayi ophika analephera kupirira, anaseka mpaka wina kukhala pansi paphulusa. Nkhani inakafika kubwalo. Chotsatira tinangoona mkwatibwi, amayi anga aang'ono a Esinala aja, akutulukira pakona pa nyumba, atakwinya diresi yoyera m'manja, akuponda phulusa ndi madzi otsukira mbale, mkwati ali pambuyo atanyamula velo kuti isakwekwereke. Anadzaima pambali pa amayi awo n'kuwagwira paphewa. Wojambula amatsata mkwatibwi, ndiye nayenso anabwera. Azimayi anapukuta manja m'zitenje n'kufola kumbuyo ndi zipande zawo. Agogo anandikokera kutsogolo, pakati penipeni, mapazi anga otuwawo poyera. Malume ataona kuti atsala okha, anadzipanikiza chakumapeto, nkhope ili gwa.

Kamera inalira. Keke ija anaidula popanda woijambula.

Agogo anatsika, n'kuchotsa thabwa, n'kutunga kapu yoyamba, n'kupita nayo okha kubwalo, opanda nsapato, mphini zili poyera, n'kugwada pamaso pa amayi ake a mkwati. Mayi aja anamwa yonse osapumira, n'kuwagwira dzanja osalisiya. Nthungululu zimene zinalira pamenepo mpaka lero zili m'makutu mwanga.

Chithunzicho chitabwera kotsukitsa, chinali ndi utsi mbali imodzi, munthu wina maso otsinzina, galu wa aneba mchira wokha. Agogo anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti kani ndi oipa nkhope chonchi. Kenako anakhoma msomali moyang'anizana ndi chitseko, kuti aliyense wolowa ayambe waona iwo. Moyo wawo wonse sanajambulidwenso. Atadwala matenda omaliza anandiuza kuti ndichitenge ine, chifukwa m'chithunzimo opanda nsapato tilimo awiri.

Chimenecho ndi chimene Kondwani anadula. Nditamufunsa anati sanadule, anangochiyeretsa, chinali ndi utsi wambiri. Nditati bweza chenichenicho, anati chili penapake ku ofesi, mawa. Mawa lake silinafike mpaka lero. Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo, za kompyuta sindidziwa, koma munthu akachita manyazi ndi agogo ake ndimamuona.

Tsopano mverani mmene zinathera. Mwana wanga Tadala, yemwe anandionetsa za pa gulupu uja, anapeza banja. Achibale posankha komiti ya ukwati anaika Kondwani kukhala tcheyamani, poti ali ndi galimoto ndipo Chingerezi chimatuluka. Tsiku losankha wojambula anabweretsa mnyamata wa laputopu, kutionetsa akwati ataima pa kapinga, akwati pa mlatho, ndi kandege kojambula kuchokera m'mwamba. Zinali zokongola, sindikana. Kondwani anayala dongosolo lake: kusaluni, kutchalitchi, kumunda wa maluwa, kuholo, basi.

Ine ndinafunsa funso limodzi. Azimayi amene adzakhale akuphika kunyumba kwanga kuyambira m'bandakucha, pamodzi ndi amayi a Esinala amene akalamba tsopano koma anati thobwa la mdzukulu wawo aphika okha, adzajambulidwa nthawi yanji? Kondwani anaseka, akuti nthawi njochepa, komanso kuseri kwa nyumba za ku Kawale sikutuluka bwino m'zithunzi. Ndinatembenukira kwa mnyamata uja. Iye anati amajambula kulikonse kumene akwati aima. Ndinati ndiwe amene ndikukufuna, ena asabwerenso. Kondwani anati tidzaona pa tsikulo, ndipo ndinadziwa kuti akuti ayi.

Pa tsikulo, titangotuluka m'tchalitchi, ndinamumva akuuza madalaivala kuti onse atsate galimoto yake kumunda wa maluwa. Sindinakangane naye. Ndinakwera kabaza, suti ili m'thupi, duwa lili pachifuwa, ulendo wa kunyumba. Thobwa loti likamwedwe kuholo linali kuseri kwanga mu mgolo, ndipo pikapu yodzalitenga inali itafika kale. Ndinawauza anyamata kuti alisiye. Ndinatenga thabwa, n'kuika pamwamba, n'kukhalapo. Amayi a Esinala atandiona anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka misozi, n'kundipatsa mthiko okha.

Foni inalira, Kondwani. Akuti msuweni usachite zachimidzi, anthu ayamba kale kudzaza muholo, kukutentha, thobwa lili kuti.

Ndinati, “Keke ilipo, eti? Amwe imeneyo.”

Anadula foni. Koma wa pikapu anali atauza kale anzake, nkhani n'kukafika m'galimoto ya akwati. Tadala nkhani ya mgolo anakula nayo, ankaimva kwa ine kuyambira asanadziwe kuwerenga. Anamuuza dalaivala kuti atembenuke. Galimoto ya akwati ikatembenuka zonse zimatembenuka. Tinangomva mahutala akulowa mumsewu wathu wafumbi uja, maliboni akuuluka, ana a m'makomo akuthamangira pambuyo, aneba akutuluka ndi zitenje m'manja. Mwana wanga anatsika, n'kukwinya diresi, n'kuponda phulusa lomwe lija, mwamuna wake atanyamula velo.

Ndinatsika pamgolo n'kukhazikapo amayi a Esinala. Azimayi anafola ndi zipande. Mnyamata wojambula anagwada pafumbi ndi buluku lake labwinolo, n'kuwombera zambirimbiri, utsi ndi galu ndi zonse, kandege kake kakulira pamwamba pa malata athu. Kondwani anaima patali atatsamira galimoto yake, manja m'thumba. Ndinamukodola, ndinati bwera, bambo ako analowa nawo. Anthu onse anamucheukira. Anabwera, n'kudzipanikiza chakumapeto, malo omwe aja, nkhope yomwe ija.

Chithunzi chimenecho ndinachikulitsa, chili pakhoma moyang'anizana ndi chitseko. Kondwani alimo, sindinamudule. Koma pambali pake pali msomali wopanda kanthu, ndipo ndimauona m'mawa uliwonse ndikamatuluka kupita kowotcherera.

Ndiye iwe Kondwani, ndikudziwa kuti izi zikupeza, alipo amene akuwerengere. Chisuweni si chilolezo chodula anthu. Ndikufuna chithunzi changa chenichenicho, cha pepala, chopindika pakona, cha utsi, cha mchira wa galu, cha mapazi anga otuwa. Ubwere nacho wekha ku Kawale, usatume mwana. Ndipo uchiike pa gulupu paja chathunthu, pamene unaika maluwa paja pakhale aNangozo ndi mphini zawo, ulembe pansi ndi dzanja lako kuti awa ndi amene anabereka bambo anga. Msomali ukudikira, ndipo ine sindiuzula.