Kakamera ka Rozaria

Inu amene munayesapo ntchito koyamba, mudzi wonse n'kukusekani, imvani za Rozaria.

Linali Lachitatu masana pamene Rozaria anafika pakhomo pa mayi a mkwatibwi ku Kaduya, envulopu ya zithunzi ili m'manja. Ukwati unali utachitika Loweruka, ndipo wojambula anali iyeyo. Mayiwo anatsegula envulopuyo akumwetulira, koma pofika chithunzi chachisanu nkhope yawo inali itagwa.

Pazithunzipo akwati anatuluka akuda bii. Pena mkwati analibe mutu. Pena anthu ankaoneka mwachimbuuzi ngati aima m'nkhungu.

"Mwana wanga sadzavalanso velo," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Adzukulu anga ndidzawaonetsa chiyani? Mizukwa imeneyi?"

Rozaria anatsanzika. Anabwerera kwawo, m'munsi mwa phiri la Michesi, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Moyo unali utamukhaulitsa kale. Sukulu analekezera Folomu 2. Mwamuna wake anawoloka malire kupita ku Mozambique, n'kupita komweko, kumusiya ndi ana awiri. Ankatola nkhuni m'phiri n'kukagulitsa ku Migowi. Kakamera kake, kakang'ono ngati sopo wosambira, anamusiyira ndi mlongo wake pobwerera ku Joni, ndipo Rozaria ankaona ngati ndi khomo lotulukira m'mavuto. Tsopano kotola nkhuni ndi kumjigo komwe, anthu ankangomutchula kuti wojambula mizukwa. Anakakulunga kakamerako m'kansalu, n'kukakwirira m'thumba la nandolo.

Patapita miyezi iwiri, tsiku la msika, akudutsa ku Migowi ndi mtolo pamutu, anamva wina akumuitana. Anali a Julius, bambo achikulire a kasitudiyo komwe anatsukitsa zithunzi zija.

"Mayi, kamera ija ili kuti?"

"Ndinaisiya, bambo. Ndi yakutha."

"Kamera ilibe mlandu. Zithunzi zija ndinatsuka ndine, ndinaziona bwinobwino. Munaimika anthu dzuwa lili kumbuyo kwawo, ndiponso manja anu ankanjenjemera. Mawa mubwere nayo."

Rozaria anazengereza masiku atatu. Tsiku lachinayi anapita.

A Julius sanachulutse gaga m'diwa. Anamutulutsa panja, n'kumuuza kuti ayambe wapeza kumene kuwala kukuchokera asanakhudze batani. Dzuwa likhale kumbuyo kwake kapena chammbali. Likafika paliwombo, aimike anthu pamthunzi wa mango kuti asatsinzine. Zigongono azipanikize m'nthiti, agwire mpweya, adine batani pang'ono chabe mpaka kabokosi kobiriwira kaoneke pankhope ya munthu, kenaka amalize kudina.

"Munthu akakhala patali musamukoke ndi batani, chithunzi chimasweka," anatero. "Miyendo muli nayo, sendererani. Mwana musamujambule mutaimirira, gwadani mufanane naye. Ndipo kagalasi aka muzikapukuta, kadzaza fumbi la nandolo."

Kuyambira pamenepo Rozaria anasanduka wamisala wa m'mudzimo. Ankajambula mbuzi, ana ake akutsuka mbale, azibambo akukonza njinga, amayi akuchokera kumunda. Ena ankamuthawa, ena ankamuseka. Mnzake woyandikana naye nyumba, Aliness, ndiye sankatopa naye.

"Jambula, mnzanga," ankatero. "Ukandidula mutu, ndidzamera wina."

Tsiku lililonse la msika, akagulitsa nkhuni, ankatchajitsa batire kometera tsitsi, n'kupita kukaonetsa a Julius. Iwo ankavala magalasi awo, n'kumangoti, "Ichi fufutani. Ichinso. Apa mtengo wamera pamutu pa munthu, simunayang'ane kumbuyo kwake." Masiku ena Rozaria ankabwerera kwawo wopanda chithunzi chotsala ngakhale chimodzi. Koma m'mawa mwake ankayambiranso.

M'mwezi wachinayi wa kuphunzirako, a Julius anaima pa chithunzi china. Anali Aliness akupeta nandolo m'mawa, mankhusu akuuluka m'kuwala, iye akuseka, maso ali ngwee.

"Ichi musafufute," anatero. "Mwayamba kuona."

Ntchito zinayamba kubwera pang'onopang'ono: ubatizo, kwaya ya amayi, ana omaliza Sitandade 8. Nkhuni anayamba kutola za pakhomo pokha.

Kenaka, m'mwezi wa Malichi 2023, kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku osawerengeka, phiri linaphulika, napolo anatsika ndi miyala ndi matope. Rozaria anathawa ndi ana ake, kamera atayikulunga m'jumbo n'kuimangirira m'chiuno. Anapulumuka. Aliness sanapulumuke.

Patatha milungu itatu, Rozaria ali pasukulu pomwe anthu osowa pokhala ankasungidwa, kunabwera a Makina, amuna ake a Aliness, atanyamula mwana wamkazi wa zaka zinayi.

"Alamu," anatero, "madzi anatenga nyumba ndi zonse zinali momwemo. Mayi a mwanayu ngakhale mtembo wawo sitinaupeze. Dzulo wandifunsa kuti amayi ankaoneka bwanji. Paja inu munkawajambula."

Rozaria anayatsa kamera. Anabwerera m'mbuyo chithunzi ndi chithunzi mpaka anapeza cha Aliness chija. M'mawa mwake anayenda wapansi kupita ku Migowi, akuwoloka matope ofika m'mawondo, ndipo a Julius anachitsuka chachikulu.

A Makina anachilandira ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi yemweyu," anatero. "Ankaseka chonchi."

Mwana uja anagwira lichero la pachithunzipo ndi kachala kake, n'kunena kuti, "Amayi akupeta."

Nkhaniyo inamveka pamsasa ponse. Anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi, uyu kufunsa za bambo ake, uyu za mwana wake. M'kakamera kaja munapezeka nkhope za anthu khumi ndi asanu ndi awiri amene madzi anawatenga, zowala bwino, aliyense ali pa ntchito yake ya masiku onse. Rozaria anazipereka zonse kwa eni ake.

Kuchokera pamenepo dzina lake linayenda lokha. Mipingo inayamba kumuitana, masukulu, magulu a alimi, maukwati mpaka ku boma la Phalombe. Chaka chotsatira, a Julius, maso awo atayamba kufooka, anamuitana n'kumupatsa kiyi wa situdiyo.

"Ine ndaona zokwanira," anatero. "Pitirizani ndinu."

Lero mukafika ku Migowi tsiku la msika, mudzapeza mzere pakhomo pa situdiyoyo. Rozaria anamanga nyumba ya malata kutali ndi njira ya madzi, ndipo mwana wake woyamba ali ku sekondale. Anyamata a mafoni apamwamba amabwera kudzamufunsa chifukwa chake zithunzi zawo sizifika pa zake. Iye amaseka n'kuwayankha kuti, "Foni yanuyo ndi yamphamvu kuposa kamera yanga. Koma inu mumathamangira kudina. Ine ndimayamba ndayang'ana."

Abale anga, chimene muli nacho m'manjamo chikhoza kukhala chaching'ono, ndipo mwina poyamba chinakuchititsani manyazi. Pezani wodziwa akuuzeni pamene munalakwitsa, mumve ngakhale ziwawe, mawa muyambirenso. Simukudziwa amene adzagogode pakhomo panu akufuna luso lanulo, popanda wina woti n'kumuthandiza. Tsikulo lidzakupezeni mutakonzeka. Limbani mtima, musaleke.