Matenda a Akulu Anga Sanatchulidwe Kumanda

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pamphasa m'nyumba ya siwa. Amayi a mpingo anali atatopa ndi kuimba, ena akusinza chokhala. Panja moto unali utazilala, ndipo adzukulu anali atalowera kale kumanda ndi makasu.

Tinkaika akulu anga, aNaphiri, amene ankagulitsa tomato pa Nsaru. Ine ndinali ndi pempho limodzi lokha tsiku limenelo: matenda awo atchulidwe poyera, dzina lawo liyere.

Anayamba ndi kumva kuwawa pokodza, kenako timagazi. Kuchipatala chaching'ono anangowapatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, osawaona n'komwe. Alamu anga atamva zimenezo anasamutsa mphasa yawo, n'kumauza anzawo kumowa kuti mkazi wawo watola chindoko kumsika. Mudzi wonse unakhulupirira.

Patapita miyezi namwino wina anawagoneka n'kuwaona bwinobwino. Anati amayi akuluakulu ambiri amatuluka kachotupa kosaopsa pakhomo pa njira ya mkodzo, koma aka kanali kolimba, kotuluka magazi, ndipo mwanabere anali atatupa. Ku tauni analowetsa kachipangizo koonera m'kati, n'kudulako kanyama kukapima. Ndinalipo pamene dokotala ananena kuti ndi khansa, ndipo yafalikira kale. Anati akanabwera msanga akanayesa kuichotsa.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena pangolo kuchokera ku Kabudula. Kunali mphepo ya mwera ndi fumbi lolowa m'maso. Kumafuwa ndinapeza amayi awiri amene anasambitsa thupi akunong'onezana. Atandiona, wina anayamba kusonkhezera moto woyaka kale. Alamu anga ndiwo ankalira kuposa aliyense, mpaka kuchita kuwagwirira. Ndinawayang'ana mtima ukundiwira, chifukwa munthu ameneyu sanapondeko kuchipatala ngakhale kamodzi.

Ndinakokera pambali amalume, amene anasankhidwa kulankhula m'malo mwa banja.

"Malume, chonde mukanene kuti inali khansa ya njira ya mkodzo. Anthuwa amve."

"Iwe, pagulu pali apongozi n'ponenapo zakumaso? Ukufuna undichititse manyazi eti?"

"Nanga manyazi amene anafa nawo mwana wa mlongo wanuyu?"

Anangokonza jekete lawo n'kuchoka.

Masana tinanyamuka. Bokosi linali patsogolo, amayi ovala zoyera akuimba pambuyo, ife achibale tikukoka miyendo m'njira yodutsa m'minda ya fodya yozulidwa kale. Kumanda amalume anaimirira, anathokoza ampingo, adzukulu ndi onse obweretsa nkhuni. Atafika pa matenda anatsokomola.

"Malemuwa adwala nthawi yaitali. Matenda awo nonse mukuwadziwa."

Ndinaona mitu ikugwedezeka. Ndinaona amalonda anzawo a malemuwo akuyang'anizana. Ndinafuna kukuwa, koma mkazi salankhula kumanda, ndipo azakhali anali atandigwira kale dzanja molimba. Dothi linayamba kugwera pabokosi, ine ndikulira ndi ukali osati chisoni.

Madzulo anthu anabalalika. M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mphasa zopindidwa. Kuseri ndinapeza Tamala, mwana wamkulu wa malemuwo, amene anabwera ndi khanda lake kuchokera ku Mpingu komwe anakwatiwa. Ankanyamula zitenje za mayi ake ndi kamtengo, n'kumaziponya pamoto.

"Tamala, zigwire ndi manja. Inali khansa, sipatsirana. Mayi ako sanachite choipa chilichonse."

Anandiyang'ana, maso ali ofiira.

"Mayi aang'ono, ikanakhala khansa agogo akananena kumanda kuja."

Anatola chitenje chotsiriza ndi kamtengo komweko.